Nyimbo za m'mafilimu akale oonetsa kuumba mabelu: anazipeka ndani, ndipo n'chifukwa chiyani zimasemphana ndi belu?

Mphunzitsi wina wa kwaya wa ku Zomba walemba kuti: "Ndinaonera pa YouTube kafilimu kakale kopanda mitundu, ka mphindi zitatu kapena zinayi, koonetsa amisiri a ku England akuumba belu lalikulu la tchalitchi. Nyimbo ya malipenga ndi mavayolini inkalira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yansangala ngati ya pa perete, koma dzina la woipeka silinalembedwe paliponse. Pamapeto belulo litagogodwa, ndinamva kuti silikugwirizana ndi nyimboyo. Kodi ankapeka nyimbo zoterezi ndani, ndipo cholakwa chili pa belu kapena pa khutu langa?"

Aphunzitsi, khutu lanu lamva zoona, ndipo sindikukhulupirira kuti belulo linali ndi chilema. Chimene mwamva ndi kukumana kwa zinthu ziwiri zimene sizinakonzedwe kuti zikhale pamodzi, ndizo nyimbo imene inajambulidwa kale ndi anthu amene belulo sanalionepo, ndi belu limene mwa chilengedwe chake limatulutsa mawu angapo pa kugogoda kumodzi.

Timafilimu totere tambiri tinachokera ku makampani a nkhani za pa kanema, makamaka British Pathé ndi British Movietone, amene ankatumiza nkhani zifupizifupi kumaholo a kanema kawiri pa sabata kuti anthu aonere filimu yaikulu isanayambe. Pathé inayamba ntchitoyi ku Britain mu 1910 n'kuisiya mu 1970, ndipo mu 2014 inaika mafilimu ake pafupifupi 85,000 pa YouTube, n'chifukwa chake lero munthu ali ku Zomba akutha kuwaona pa foni. M'zaka zimenezo mafakitale akuluakulu oumba mabelu ku England anali atatu. Ya Whitechapel ku London, imene mbiri yake amaiwerenga kuchokera mu 1570, ndiyo inaumba Big Ben, belu lalikulu la wotchi ya pa nyumba ya malamulo ya ku Britain, mu 1858, ndipo inatsekedwa mu 2017. Ya John Taylor ku Loughborough inaumba Great Paul wa tchalitchi cha St Paul's mu 1881, belu lopitirira matani 16, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka pano. Yachitatu inali ya Gillett & Johnston ku Croydon, imene inasiya kuumba mabelu mu 1957.

Mafilimu a mabelu anachuluka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo chifukwa chake chimakhudza nyimbo imene mwamva. Pa nkhondoyo boma la Germany linalanda mabelu pafupifupi 175,000 m'maiko a ku Ulaya kuti lisungunule mkuwa ndi tini wake n'kupangira zida, ndipo ambiri sanabwererenso kwawo. Ku Britain kuliza mabelu a tchalitchi kunaletsedwa mu June 1940, popeza kulira kwawo kunasungidwa kuti kukhale chenjezo ngati adani atalowa m'dziko, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1943. Choncho belu latsopano m'zaka za m'ma 1950 linali nkhani ya mzinda umene ukudzukanso paphulusa. Pummerin, belu lalikulu la tchalitchi cha St Stephen ku Vienna m'dziko la Austria, anagwa n'kusweka moto utabuka mu April 1945, anaumbidwanso ku St. Florian mu 1951 pogwiritsa ntchito zidutswa za belu lakale lomwelo, ndipo ananyamulidwa kupita ku Vienna mu April 1952 khamu la anthu litaima m'mbali mwa misewu. Belu la Ufulu la ku Berlin linaumbidwa ku Croydon mu 1950, linayendetsedwa m'mizinda ya ku America, n'kulizidwa koyamba pa holo ya Schöneberg pa 24 October chaka chomwecho. Mkonzi wa nkhani zoterezi ankafuna kuti oonera atuluke m'holo ali ndi chiyembekezo, ndiye ankasankha nyimbo ya perete.

Kamera imene inkapita kufakitale kawirikawiri inalibe chojambulira mawu. Makamera a nthawiyo anali aphokoso, ndipo zipangizo zojambulira mawu zinali zolemera moti kuzinyamula kunkafuna galimoto yakeyake. Zojambulira zopepuka za tepi, monga Nagra III ya Stefan Kudelski imene inatuluka mu 1958, ndizo zinasintha zinthu, koma kusinthako kunafika mochedwa kwa mafilimu amene tikukamba. Wojambula ankabwera ndi zithunzi zokha, ndipo mawu onse ankaikidwa pambuyo pake mu situdiyo: wofotokoza nkhani, nyimbo, ndi phokoso lina ndi lina lotengedwa pa zimbale zosungidwa. Ngakhale kulira kwa belu kwa kumapeto kukhoza kukhala kwa belu lina, lotengedwa pa shelefu tsiku lokonza filimuyo.

Nyimboyo nayonso inachokera pa shelefu. Ku London kunali makampani osindikiza nyimbo amene ankalemba ntchito anthu opeka, n'kujambula nyimbo zawo zambirimbiri pasadakhale popanda kudziwa filimu imene idzazigwiritse ntchito, ndipo malonda amenewa pa Chingelezi amatchedwa library music. Kampani ya De Wolfe, imene Meyer de Wolfe anaiyambitsa mu 1909, inayamba ndi nyimbo zolembedwa pa mapepala zoti oimba aziimba m'maholo nthawi ya mafilimu opanda mawu, kenako inayamba kujambula, ndipo inkapereka nyimbo ku makampani a nkhani za pa kanema. Chappell inatsegula nkhokwe yake mu 1941, KPM mu 1956, ndipo panalinso Boosey & Hawkes ndi Bosworth. Nyimbozi zinkatuluka pa zimbale zozungulira maulendo 78 pa mphindi, mbali imodzi ya mphindi ngati zitatu, ndipo m'kabuku ka kampani zinkasanjidwa motsata ntchito yake, zina za makina ndi mafakitale, zina za kumudzi, zina za masewera, zina za mapemphero. Mkonzi amene anali ndi maola ochepa filimu isanapite kumaholo ankatsegula pa tsamba la mafakitale, n'kutenga nyimbo yothamanga imene sabata yatha mwina inalira pansi pa zithunzi za fakitale ya njinga kapena ya mabisiketi.

Opeka nyimbozi anali akatswiri enieni, ndipo sindifuna kuti muwaone ngati anthu wamba. Charles Williams, Robert Farnon, Sidney Torch ndi Jack Beaver ankadziwa kulemba nyimbo ya mphindi zitatu imene mkonzi angaidule paliponse popanda kuiwononga, ndipo limenelo ndi luso lovuta kuposa mmene limamvekera. Ena ankabisala m'maina ongopeka, monga Leonard Trebilco, wantchito wa BBC amene dziko limamudziwa kuti Trevor Duncan. Maina awo sankalembedwa pa filimu chifukwa kampani ya kanema inkangolipira chilolezo chogwiritsa ntchito chimbalecho, ndipo dzina la wopeka linkalembedwa pa pepala la mu ofesi limene linkatumizidwa ku mabungwe otolera ndalama za opeka nyimbo.

Chimene chimandipweteka ine pa mafilimuwa n'chakuti nyimbo yothamanga imanamiza oonera za mayendedwe a ntchitoyo. Kuumba belu ndi ntchito ya dothi kwa masabata ambiri, ndipo ya moto ndi ya mphindi zochepa chabe. Chikombole chimapangidwa ndi dongo losakaniza ndi mchenga, ndowe za akavalo ndi ubweya wa mbuzi, ndipo zosakanizazi zili ndi ntchito yake: ubweya umamanga dothi kuti lisang'ambike, ndipo udzu wa m'ndowe ukapsa umasiya timabowo timene mpweya umathawiramo chitsulo chotentha chikalowa. Chikombolecho chili ndi mbali ziwiri, yam'kati ndi yakunja, ndipo iliyonse imasalazidwa ndi thabwa lodulidwa motsata maonekedwe a belu, limene limazungulira pa mtengo woima pakati. Mmisiri amamata dothi pang'ono, amazungulitsa thabwa, amaumitsa, n'kumatanso, mobwerezabwereza. Ku England mawu olembedwa pa belu amadindidwa mozondoka m'dothi la chikombole chakunja lisanaume. Ku Germany, ku Austria ndi ku Italy amaumba kaye belu labodza ladothi pamwamba pa chikombole cham'kati, amamatapo zilembo za phula, amakuta zonse ndi chikombole chakunja, kenako amachinyamula, amaswa belu labodzalo, n'kuchibwezeretsa kuti mpata wotsalawo ulandire chitsulo. Filimu ya mphindi zitatu imapereka masekondi 30 ku zonsezi, chifukwa dothi louma silisangalatsa kamera.

Chitsulocho ndi mkuwa magawo pafupifupi 78 pa 100 ndi tini magawo 22, chotenthedwa mpaka madigiri opitirira 1,100. Ndinaimapo m'fakitale ina ku Germany pa tsiku lothira, ndipo chimene ndinatengako ndi bata la malowo. Kumeneko mwambo wakale ndi wothira Lachisanu 3 koloko masana, ola limene Akhristu amakumbukira imfa ya Yesu, ndipo akhristu a mpingo umene unaitanitsa belulo anabwera pa basi pamodzi ndi wansembe wawo. Zikombole zinali zitakwiriridwa m'dzenje, dothi litatsenderedwa mwamphamvu, ndipo pamwamba pankangooneka ngalande za njerwa zochokera ku ng'anjo. Mmisiri wina anavundula chitsulo ndi mtengo wauwisi kuti mpweya woipa utuluke, wina n'kuwaula zinyalala zoyandama. Wansembe atapemphera, mkulu wa amisiri ananena mawu ochepa oti ntchito ichitike m'dzina la Mulungu, ndipo anagumula chotsekera. Chitsulo chinayenda m'ngalande chili psuu, chopyapyala ngati madzi, kutentha kukuwawula nkhope ngakhale kwa ife amene tinaima patali. Anthu onse anangoti zii. Mkuluyo anawerama pang'ono atatchera khutu ku chikombole, chifukwa kuguguda kwa chitsulo cholowa ndi kulira kwa mpweya wotuluka m'timabowo, umene umayaka ndi lawi lobiriwira, ndiko kumamuuza kuti chikombole chatsala pang'ono kudzaza. Mmisiri amathira ndi makutu ake pamodzi ndi maso, ndipo nthawi imeneyo ndi imene filimu yakale imakweza malipenga ndi ng'oma mpaka pamwamba. Pambuyo pake pamakhala kudikira kwa masiku, kapena masabata ngati belu ndi lalikulu kwambiri, lisanafukulidwe, ndipo mpaka tsiku limenelo palibe amene angalumbire kuti latuluka lamphumphu.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, limene ndilo lokoma kwa munthu wa kwaya. Chingwe cha vayolini kapena paipi ya limba ikalira, mawu ang'onoang'ono amene amatsagana ndi noti yaikulu amakhala mu dongosolo limene khutu limalilandira ngati liwu limodzi. Belu silitero. Khoma lake limanjenjemera m'njira zambiri nthawi imodzi, ndipo oumba mabelu amasamala kwambiri mawu asanu, amene ku England amawatchula hum, prime, tierce, quint ndi nominal. Pa belu lochunidwa bwino, m'chilankhulo cha solofa chimene inu mumaphunzitsira, mawuwa ndi la wapansi, la wapakati, do, mi, ndi la wapamwamba. Mukuona kale kuti m'kati mwa belu muli la, do, mi, mgwirizano wa kiyi yachisoni, ndipo n'chifukwa chake ngakhale belu la ukwati limamveka ngati lili ndi kachisoni pansi pake. Ndiye taganizirani wopeka amene walemba nyimbo yansangala yothera pa do, mi, so. Ngakhale zitachitika mwamwayi kuti noti ya belu yafanana ndi do wa nyimboyo, liwu lachitatu la belulo lidzakhala mi wotsitsidwa ndi theka la sitepe, amene pa solofa timamutcha ma, ndipo lidzakwechana ndi mi wa mavayolini. Pamene nyimbo inachokera pa shelefu, ngakhale mwayi wofanana do ndi wochepa, chifukwa mkonzi ankayang'ana kutalika kwa nyimbo, osati kiyi yake.

Luso lochuna mawu asanuwa lili ndi mbiri yake. Abale awiri, François ndi Pieter Hemony, analidziwa ku Netherlands m'zaka za m'ma 1640 mothandizana ndi Jacob van Eyck, woliza mabelu wakhungu wa ku Utrecht amene khutu lake linkatha kulekanitsa mawu a m'belu limodzi. Iwo atamwalira lusolo linazilala kwa zaka pafupifupi 200, mpaka m'busa wina wa ku England, Arthur Simpson, analemba nkhani mu 1895 ndi 1896 zodandaula kuti mabelu a m'dziko lake sagwirizana okha, ndipo fakitale ya Taylor inayamba kuchuna mwa njira yatsopanoyi mu 1896, enawo n'kutsatira pambuyo. Belu amaliumba lochindikala pang'ono mwadala, amalizondotsa pa makina ozungulira, n'kumapala chitsulo m'kati mwake pamalo osiyanasiyana, popeza kupala pafupi ndi mlomo kumasuntha mawu ena ndipo kupala chapamwamba kumasuntha ena. Chitsulo chikapalidwa sichibwereranso. Ngati m'filimu yanu munaona bambo akugogoda mlomo wa belu atagwira kachitsulo kamphanda pafupi ndi khutu, ameneyo ndiye wochuna, ndipo ndiye woimba weniweni wa m'filimuyo, ngakhale kuti zimene ankamvetsera zinaphimbidwa ndi gulu la zoimbira. Belu la m'zaka za m'ma 1950 lochokera ku umodzi wa mafakitale atatu aja linadutsa m'manja otero, n'chifukwa chake ndikulichotsera mlandu.

Opeka amene ankafuna belu m'nyimbo zawo ankalidziwa vutoli, ndipo m'malo mwa belu lenileni ankagwiritsa ntchito mapaipi achitsulo opachikidwa, amene anayamba kulowa m'magulu a zoimbira m'zaka za m'ma 1880. Mukamva m'filimu "belu" loyera bwino limene likutsata nyimbo noti ndi noti, kawirikawiri ndi mapaipi amenewa. Anthu a ku fakitale ya Eijsbouts ku Asten m'dziko la Netherlands, mothandizana ndi akatswiri a yunivesite ya ku Eindhoven, anakwanitsa m'zaka za m'ma 1980 kuumba belu la mi wosatsitsidwa, koma linatuluka ndi mimba yotupa pakati, ndipo ambiri amene anazolowera belu lakale analimva ngati lachilendo.

Pali zinanso ziwiri za makina zimene zimasokoneza khutu. Mawu a filimu yakale ankasungidwa ngati kamzere ka kuwala m'mphepete mwa filimuyo, ndipo kamzereko sikankanyamula bwino mawu apansi kwambiri kapena apamwamba kwambiri. Liwu lapansi la belu lalikulu kwambiri limanjenjemera maulendo osakwana 100 pa sekondi, malo amene sipika ya foni situlutsa kanthu, choncho mumamva kung'ang'adza kwa chitsulo popanda kung'ung'udza kumene kumapatsa belu ulemu wake. Chachiwiri, filimu ya m'holo imayenda zithunzi 24 pa sekondi, pamene wailesi yakanema ya ku Ulaya imayendetsa 25, ndipo mafilimu ambiri anasamutsidwa mwa kungowathamangitsa pang'ono. Zikatero mawu onse amakwera ndi magawo 4 pa 100, kupitirira pang'ono magawo awiri mwa atatu a theka la sitepe. Kukweraku kumakhudza belu ndi nyimbo mofanana, ndiye sikumene kwachititsa kusemphana kumene munamva, koma kudzakusokonezani mukafuna kupeza noti ya belulo pa kiyibodi yanu.

Si onse opanga mafilimu a mafakitale amene anatsata njira ya shelefu. Gulu la GPO Film Unit, lopanga mafilimu la positi ofesi ya ku Britain, limene John Grierson ankatsogolera, linalemba ntchito Benjamin Britten ali ndi zaka 21, ndipo pa Coal Face ya 1935 ndi Night Mail ya 1936 iye anapanga nyimbo kuchokera ku phokoso la ntchito yeniyeniyo, pogwiritsa ntchito zinthu monga maunyolo, sandipepala ndi mpweya wopopedwa. Bert Haanstra wa ku Netherlands, mu filimu yake Glas ya 1958 imene inapata mphoto ya Oscar, anadula zithunzi za amisiri ofufuma galasi kuti manja ndi masaya awo ziyende pamodzi ndi jazi ya Pim Jacobs. Ku Göttingen m'dziko la Germany, akatswiri a Encyclopaedia Cinematographica, nkhokwe ya mafilimu a sayansi imene Gotthard Wolf anaiyambitsa mu 1952, anapita mbali ina kotheratu ndipo ankajambula ntchito zamanja popanda nyimbo yowonjezera, poona kuti nyimbo imauza woonera zoti amve mumtima asanaone zimene zikuchitika. Pa nkhani ya belu ine ndili kumbali yawo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti amene anaonetsa bwino kwambiri mantha a woumba belu anali wopanga filimu ya sewero, Andrei Tarkovsky, mu Andrei Rublev ya 1966, mmene mnyamata Boriska akudikira kuti belu lake liyesedwe pamaso pa mfumu. Lilime la belu likukankhidwa uku ndi uku kwa nthawi yaitali, mukungomva kulira kwa zingwe ndi mitengo pamodzi ndi alendo a ku Italy akucheza chapansipansi, mpaka chitsulo chikhudza chitsulo.

Ngati mukufunitsitsa dzina la nyimbo ya m'filimu yanu, yambani ndi chaka ndi kampani imene inaipanga, zimene nthawi zambiri zimalembedwa pansi pa kanemayo kapena pa tsamba la kampaniyo. Kenako pezani masekondi angapo amene wofotokoza wakhala chete, kawirikawiri kumayambiriro pamene mutu ukuoneka, ndipo muyese pulogalamu ya pa foni yozindikira nyimbo, monga Shazam. Imalephera kawirikawiri pa zimbale zakale chonchi, koma nyimbo zambiri za Chappell, De Wolfe ndi KPM zinatulutsidwanso ndipo zina zimapezeka. Ikalephera, lemberani kampani imene ikusunga filimuyo muwafunse ngati pepala la nyimbo zake lidakalipo, chifukwa pepala limenelo ndilo umboni wokhawo wosatsutsika. Mumvetserenso ndi zomvera za m'makutu, osati sipika ya foni, ndipo muone ngati kulira kwa belu kukuyamba nthawi yeniyeni imene nyundo yakhudza mlomo wake. Kukachedwa kapena kufulumira, kapena kukaduka mwadzidzidzi belu likadayenera kung'ung'udza, dziwani kuti kunaikidwa mu situdiyo.

Kwaya yanu ikhoza kumva zonsezi popanda filimu. Uzani mabesi agwire la wapansi motsitsa mawu ndi motalika, matena la wapakati, maaluto agawikane pa do ndi mi, masopurano la wapamwamba, onse ayambe pamodzi mwamphamvu pa "dong" ndipo azileka mmodzimmodzi kuyambira pamwamba, mabesi n'kutsala okha kumapeto, popeza pa belu lenileni liwu lapansi ndilo limazilala pomaliza. Akazolowera, woimba kiyibodi aimbe pamwamba pawo la, di, mi, ndiko kuti do wokwezedwa ndi theka la sitepe, ndipo aliyense m'chipindamo adzamva kukwechana kumene inu munamva kumapeto kwa filimu ija. Mukafuna kuwaonetsa kusiyana kwa belu lochunidwa ndi chitsulo chosachunidwa, limu la galimoto limene limapachikidwa pa mtengo pasukulu zambiri likukwanira: aligogode kamodzi, atseke maso, ayese kuwerenga mawu amene akumva, ndipo ayese kuwaimba pa solofa.